Chikwama Chinatsala Pampando

Kachiwala anabwera m'manja mwanga ali kamtsikana ka zaka zitatu. Mayi ake ndi mng'ono wanga, wopondana nane. Atapeza ntchito yosamalira okalamba kudziko lakutali, anandisiyira mwanayo pamodzi ndi katundu wake yense: kasutikesi kamodzi, bulangete, ndi kapu ya pulasitiki yolumidwalumidwa m'mphepete. Anati akakhala chaka chimodzi chokha. Zinakwana zisanu ndi chimodzi.

Dzina loti Kachiwala ndinamupatsa ndine, chifukwa mwanayo sankadziwa kuyenda. Kuchoka pabedi kupita pakhomo ankachita kudumpha, ukamutuma mchere kwa aneba umangomva phi, phi, phi pamasitepe. Ine ankanditchula kuti amayi. Omuberekawo ankati amayi a pafoni, poti ndi mmene ankawadziwira: Lamlungu lililonse masana, kankhope pagalasi la foni, mawu ofika mochedwa milomo itatseka kale.

Ine mwana wobereka ndekha ndilibe. Mwamuna ndinali naye, zinatha kalekale, palibe chokamba pamenepo. Ndimagwira ntchito yosita pamalo ena ochapira zovala kuseri kwa msewu waukulu, m'chipinda chachitali chokhala ndi windo limodzi, momwe nthunzi simatha ngakhale nthawi yozizira. Tebulo langa ndi lakumapeto, loyang'ana kukhoma. Kunyumba tinkakhala m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo yogulitsa utoto, ine ndi Kachiwala basi.

Mng'ono wanga atabwerera, sanabwere yekha. Anabwera ndi mwamuna, munthu wofatsa wovala magalasi, yemwe ankandipatsa moni atagwira chipewa ndi manja awiri. Anapeza nyumba mbali ina ya mzinda, ya zipinda zogona ziwiri. Tsiku lomwe ndinapita kukaiona, chipinda chachiwiricho chinali chikununkha utoto watsopano, bedi laling'ono litayalidwa kale.

Lachitatu lina madzulo mng'ono wanga anabwera kwathu, nkukhala pampando wathu wabwino uja, chikwama chake chili pamiyendo.

"Achemwali, Loweruka tikufuna timutenge mwana ku paki ya zosangalatsa ija. Tizolowerane pang'ono. Akamandiona amangoti ndwii ngati ndabwera kudzamubaya jakisoni."

Kachiwala anali kuseri kwa katani akunamizira kulemba za kusukulu. Ndinamva pensulo ikugwa.

Paki imeneyo ili kunja kwa mzinda. Ukakhala m'basi umaona chigudumu chake chachikulu chikuzungulira pang'onopang'ono, ndi njanji zokhotakhota m'mwamba momwe mumathamanga kasitima kotembenuza anthu chadodolido. Kachiwala anali atalira kasitima kameneko zaka ziwiri. Anzake a m'kalasi anamuuza kuti amayamba akuyeza msinkhu pathabwa, wamfupi sakwera, ndiye mwezi uliwonse ankaima pafelemu la chitseko kuti ndimulembe mzere pamutu, iye akunyang'ama mobera. Chaka chimenecho anali atakwana. Ndinkati ndidzamutenga ndekha akatsekera sukulu.

"Tagula matikiti atatu," anatero mng'ono wanga. "Inu paja Loweruka mumagwira ntchito eti?"

"Eya, ndimagwira."

Zinali zoona. Zinalinso zoona kuti ndikanapempha, abwana akanandilola.

Ine mkati mwa pakiyo ndinali ndisanalowemo, koma mayunifolomu a antchito ake timachapa ndife. Lachinayi lililonse amabwera nawo m'matumba mayi wina wamfupi wa mawu aakulu, yemwe timamutchula kuti Mayi Malamba, chifukwa ntchito yake ndi yomanga ana malamba asanakwere. Tsiku limenelo ndinaimika nsimbi nkumutsatira pakhomo.

"Pepani, ndikufunseni. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akamabwera kwanuko, avale chiyani?"

Mayiyo anaika thumba pansi ngati munthu amene wakhala akudikira funso limeneli moyo wake wonse.

"Choyamba nsapato. Zikhale zomanga ndi zingwe. Patapata ayi, masandasi ayi. Pansi pa kasitima kaja timatola nsapato tsiku ndi tsiku, zonse za phazi limodzi. Tili ndi thumba lodzadza, mutafuna kutsegula sitolo ya anthu a mwendo umodzi mungolankhula. Diresi ayi. Mphepo imaikwezera kumaso, ndiye nsalu ikatalika imakodwa palamba, ine sindikweza mwana wotero ngakhale bambo ake akhale ndani. Tsitsi amange. Chipewa chikhale cha chingwe pachibwano. Sikipa ikhale yowala, yoti muione muli uko."

"Nanga zonyamula?"

"Kachikwama kakumbuyo, osati chimtolo. Madzi. Zosinthira, chifukwa kuli timabwato totsetsereka, amatulukamo atanyowa ngati nkhuku za pamvula. Pepala la pulasitiki loikamo zonyowazo. Ndipo nambala ya foni, koma imeneyo musaike m'chikwama. Chikwama chimayamba kusowa mwana asanasowe. Muike pathupi pake." Ananyamula thumba lake, kenako anatembenuka. "Mukafika mundifunse, ndikakulowetsani kutsogolo kwa mzere."

"Ine sindibwera. Apita ndi mayi ake."

"Oo, si wanu?"

"Ndi wanga," ndinatero. Iye anangogwedeza mutu nkumapita.

Lachisanu nditaweruka tinayala zonse pabedi. Sikipa yachikasu yomwe ankathamangira kusukulu, thalauzi yake yabuluu, sokosi, nsapato zakusukulu zomwe ndinazichapa nkuzisinthira zingwe. Chipewa chinalibe chingwe, ndinasokerera lasitiki. M'chikwama ndinaikamo botolo la madzi, kabudula ndi sikipa ina, kathaulo, pepala la pulasitiki, nthochi ziwiri, mazira awiri owiritsa, ndi timipango titatu toyera. Timipangoto tinali ta kamfuno. Kachiwala akakhala padzuwa nthawi yaitali opanda chipewa, magazi amayamba kutuluka m'mphuno, ndipo amatuluka ambiri moti wosadziwa amaganiza kuti mwana akufa.

Iye ankatulutsa zomwe ndaika nkuziikanso mwa njira yake.

"Mazira azikhala pamwamba, amayi. Akakhala pansi amasanduka phala."

"Nanga nthochi?"

"Nthochi ndidya m'galimoto, zisavutike."

Ndinang'amba kapepala kuti ndilembe nambala. Cholembera chinali chitalemba kale manambala atatu oyamba a foni yanga pomwe ndinaima. Mwana akasowa m'paki, woimbiridwa ndi amene ali m'pakimo. Ndinang'amba kena, nkutsegula foni kuti ndikopere nambala ya mng'ono wanga, poti yatsopanoyo sindinkaidziwa pamtima.

"Mwalemba ya ndani?" anafunsa Kachiwala.

"Ya amayi ako."

"Nanga yanu?"

"Yanga umaidziwa kale. Tainena."

Anainena yonse mothamanga, akudumpha ndi mwendo umodzi.

M'mawa mwake anadzuka ine ndisanadzuke. Pomwe galimoto inkaliza hutala pansi, n'kuti atavala zonse, chipewa chomwe, chikwama chili kumsana kwa ola lathunthu. Mng'ono wanga anakwera masitepe atanyamula katoni yaikulu yomanga ndi riboni, nkhope ikuwala ngati ya mwana.

"Ndakubweretsera zovala lero. Tsegula uone."

Munali diresi yoyera mbee, yaitali kufika m'akakolo, ya timaluwa tosokerera pachifuwa. Pansi pake panali masandasi asiliva a timikanda. Anati anazigula kunja kuja miyezi inayi yapitayo, atayenda masitolo asanu, akungoyerekeza msinkhu ndi chithunzi cha pafoni.

Kachiwala anagwira nsaluyo ndi nsonga za zala. Anayang'ana mayi ake, kenako anayang'ana ine. Ndimamudziwa mwana uja: diresiyo anaikonda, ndipo ankaopa kuti ndiona kuti waikonda.

Mawu onse a Mayi Malamba anali pakamwa panga. Koma ndinamva mmene zikanamvekera: achemwali odziwa zonse, kutsutsa mphatso yoyamba ya mayi kwa mwana wake. Ndinadziuza kuti ndikukhala chete chifukwa cha ulemu.

"Vala diresi ya amayi ako," ndinatero. "Yakongola."

Inamukwana ngati anachita kumuyeza. Mng'ono wanga anamasula tsitsi lomwe ndinamanga, nkulipesa kuti liime, nkuikapo kachingwe ka maluwa. Chipewa changa cha lasitiki sichikanakwanapo. Ndinapinda sikipa ndi thalauzi nkuziponya m'chikwama pamodzi ndi nsapato, mpaka chinatupa ngati mimba ya chule.

"Iii achemwali, chimenecho ndiye ayi," anaseka mng'ono wanga. "Ngati akusamuka? Madzi ndi zakudya tikagula komweko. Chingotilemetsa."

"Muli zosinthira."

"Tikupita kukajambulitsa ndi kusangalala, sitikupita kumunda."

Kapepala kokha ndi komwe ndinakakamira. Ndinakamangirira ndi pini mkati mwa kolala ya diresi, Kachiwala akupinda khosi kuti pini isamubaye. Potsika masitepe sanadumphe. Anagwira diresi mbali zonse ziwiri, masandasi akulira tcha, tcha, tcha. Mlamu wanga anamutsegulira chitseko chakumbuyo ngati bwana. Ndinaima pawindo mpaka galimoto inakhota pa sitolo ya matayala.

Chikwama chinatsala pampando. Ndinachiyang'ana ndikumwa tiyi choimirira, kenako ndinatseka chitseko nkupita kuntchito.

Loweruka timakhala ochepa. Kunali abwana kukauntala, ndi bambo woyendetsa makina ochapira, amene samva bwino ndipo salankhula ndi munthu. Ine ndinali ndi mashati makumi anayi a operekera zakudya kuhotelo. Shati ndimaiyamba kolala, kenako mapewa, mikono, kutsogolo kwa mabatani, kumbuyo, basi pahang'ala. Manja amadziwa okha, ndiye mutu umapita komwe ukufuna. Foni ndinaiika pashelefu pafupi ndi botolo lowazira madzi, galasi likuyang'ana kumwamba.

Cha m'ma teni ndinati tsopano afika, ali pamzere wa pageti. Cha m'ma leveni dzuwa linalowa pawindo lathu lija nkugwera pansi ngati thaulo loyera, ndipo ndinaganiza za mutu wopanda chipewa. Masana ndinakhala pakhonde lakumbuyo pamwamba pa chidebe chovundikira, nkudya buledi wanga. Masiku ena onse a Loweruka Kachiwala amabwera nane, amakhala pansi pa tebulo langa akusanja mahang'ala ndi kundiuza nkhani za m'kalasi zopanda mutu ndi mchira, ine nkumamukalipira kuti asayandikire chingwe cha nsimbi. Tsiku limenelo ndinadzipeza ndikukankhira chingwecho kumbali ndi phazi, pansi pa tebulo popanda munthu.

Foni inalira itangodutsa wani koloko. Anali mng'ono wanga, akulankhula motsitsa, kumbuyo kukumveka madzi a pampopi.

"Achemwali, mwana watuluka magazi."

"M'mphuno?"

"Eee. Ambiri, achemwali, diresi yonse. Asiya tsopano, kuli chipinda cha anesi, amuika madzi oundana. Akuti si zoopsa. Kodi amatero?"

"Amatero akakhala padzuwa. Wamwa madzi?"

"Akukana. Akukana chilichonse." Anapuma kaye. "Tinaima pamzere wa kasitima kaja ola ndi theka. Titafika kutsogolo, mayi wina wamfupi anamubweza. Akuti diresi ndi masandasi sizikwera. Anthu onse akuona. Alamu anuwa anayesa kupempha, sizinatheke. Tikuchoka pamenepo ndi pomwe magazi anayamba. Pano wangokhala pabenchi. Sakulira, sakulankhula. Ndikamufunsa akungoyang'ana pansi. Ndapita kusitolo ya muno, muli zidole ndi masikipa a akuluakulu basi, nsapato mulibe. Nditani ine?"

Ndinayang'ana mashati omwe anatsala. Anali khumi ndi asanu ndi awiri.

"Khala naye pamthunzi. Ndikubwera."

Abwana anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana?" Ndinavomera. "Pitani. Koma Lolemba mulawirire, a hotelo aja mukuwadziwa pakamwa pawo."

Ndinathamangira kunyumba kukatenga chikwama, kenako basi yoyamba mpaka pasiteshoni, ina kuchoka pamenepo mpaka kunja kwa mzinda. M'basi yachiwiriyo ndinakhala pawindo chikwama chili pamiyendo, ndipo ndi mmenemo momwe ndinadzifunsa funso lomwe ndinkalizemba kuyambira m'mawa. Za diresi ndinakhala chete chifukwa cha ulemu, chabwino. Nanga za kamfuno? Kunena kuti mwanayu asakhale padzuwa opanda chipewa kukanakhumudwitsa ndani? Anali mawu asanu okha. Sindinawanene. Penapake mkati mwanga munali kamunthu kakang'ono koipa mtima, komwe kankafuna kuti akavutike pang'ono, kuti foni ija ilire. Ndiye inalira. Wolipira anali mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, atakhala pabenchi ndi magazi pachifuwa.

Mayi amene anakhala pambali panga anafunsa ngati ndikudwala. Ndinati ndi kutentha.

Pageti la pakiyo pali zitsulo zozungulira zomwe munthu amadutsa akaonetsa tikiti. Mng'ono wanga anali ataima mkati, ine kunja. Zopaka m'maso zinali zitayenderera, ndipo pamkono wa bulauzi yake yoyera panali banga lofiirira. Ndinamupatsira chikwama pamwamba pa chitsulo.

"Lowani, achemwali. Ndikugulireni tikiti. Akakuonani inu asintha."

Ndinaona kanjira ka miyala kolowera mkati, timahatchi tamatabwa tikuzungulira ndi nyimbo, munthu wogulitsa mabaluni. Penapake kuseri kwa zonsezo kunali benchi. Miyendo yanga inkafuna kupita yokha.

"Ndikalowa abwera kwa ine," ndinatero. "Ndiye iwe udzayambanso liti?"

Anakumbatira chikwama chija pachifuwa.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikusambitsa makolo a eni ake," anatero. "Ndimadziwa amene amafuna shuga mu tiyi, amene amaopa mdima, amene sagona popanda wailesi. Mwana wanga sindikudziwa kuti amatuluka kamfuno."

"Ndinayenera kukuuza m'mawa. Ndinalakwa ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Tinakulira pabedi limodzi ine ndi iye, palibe chomwe ndingamubisire. Ndikhulupirira anaona zonse. Koma anangoti, "Ndiuzeni pano."

Ndinamuuza, mlonda wa pageti akutiyang'ana chammbali. Usamufunse kuti chavuta ndi chiyani, akafunsidwa amatseka pakamwa ngati chitseko cha sitolo. Ukhale pambali pake, osati kutsogolo. Usende dzira uyambe kudya wekha, aona yekha kuti ali ndi njala. Madzi umupatse m'botolo lakelo, a m'mabotolo ogula amati akununkha. Tsitsi umumange mfundo ziwiri, osakoka kwambiri kumanzere, kuli kachipsera. Zingwe za nsapato amamanga yekha, ukamuthandiza amakwiya. Diresi uiike m'pulasitiki, usaichape ndi madzi otentha, magazi angakhazikike. Kapepala ka pakolala ukasamutsire pasikipa.

"Ndipo kwa mayi wamfupi uja ubwererekonso. Si woipa. Akuti ukamufunsa amalowetsa kutsogolo kwa mzere."

"Mukumudziwa?"

"Ndimamusitira malaya."

Anaseka pang'ono, mphuno ikutuluka mamina, nkuipukuta ndi kuseri kwa dzanja monga ankachitira tili ana.

"Ndimuuze kuti munabwera?"

"Chikwama achizindikira. Akafunsa umuuze zoona. Unene kuti ndabwerera kuntchito."

Anapita, chikwama cha mwana chili paphewa limodzi, nsapato zake zazitali zikumuvuta pamiyala.

Kuntchito sindinabwerere. Ndinayenda motsatira mpanda wa pakiyo mpaka kumbuyo, komwe kuli malo oimika magalimoto ndipo njanji za kasitima zimadutsa pafupi. Ndinakhala pa kakhoma ka simenti pansi pa mtengo wopanda masamba okwanira. Kasitimako kankakwera pang'onopang'ono kakulira kete, kete, kete, kakafika pamwamba kankaima ngati kakuganiza, kenako nkugwa, anthu onse nkukuwa nthawi imodzi. Ndinawerenga maulendo. Paulendo uliwonse ndinkafunafuna chikasu.

Sikipa yowala imaoneka uli kutali, Mayi Malamba sananame. Chomwe sanandiuze n'chakuti amayi ambiri amadziwa zimenezo. Paulendo wachisanu panali zachikasu ziwiri. Wachisanu ndi chitatu, chimodzi, koma anali mnyamata wamkulu. Paulendo wa khumi ndi chimodzi ndinaona kachikasu kakang'ono pampando wachiwiri, pambali pake pali munthu wa bulauzi yoyera atagwira chitsulo ndi manja onse awiri, mutu ataweramitsa. Kachikasuko kanakweza manja m'mwamba. Ndinaimirira. Anadutsa pamwamba panga chadodolido, mofulumira moti nkhope sindinaione, ndipo m'phokoso lonse lija sindinathe kusiyanitsa mawu ake. Mpaka lero sindinganene motsimikiza kuti anali iye. Ndinakweza dzanja ndithu.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Ndinaphika mpunga wa anthu awiri, nkuuvundikira. Cha m'ma sikisi kunamveka kugogoda, koma mapazi a pamasitepe anali a munthu mmodzi. Anali mlamu wanga, chipewa chili m'manja, pulasitiki ili kukhwapa.

"Alamu, pepani. Mwana wagona m'galimoto, watopa zedi. Mayi ake akuti mwina tisamudzutse, akagone kwathu lero, tibwera naye mawa. Ngati mungalole."

"Wakwera?"

"Katatu." Anamwetulira. "Mayi ake anakwera kamodzi, anatsika akuyenda chokwawa. Kawiri konseko ndinakwera ndine. Magalasi anga anatsala pang'ono kupita."

"Wadya?"

"Mazira onse awiri, kenako zina zambirimbiri. Anafunsa za inu. Anati, amayi abwera pabasi ziwiri? Titati eya, anavala nsapato." Anandipatsira pulasitiki ija. "Akuti diresiyi inu ndi amene mungaidziwe."

Ndinamufunsa ngati angalowe amwe madzi. Anati asawasiye okha m'galimoto. Pawindo ndinaona mng'ono wanga atakhala kumpando wakumbuyo, mutu wa mwana uli pamiyendo pake, iye atauma gwa kuopa kumudzutsa.

Diresi ndinaiviika m'madzi ozizira a mchere, nkuitikita ndi sopo pang'onopang'ono. Magazi anachoka onse kupatula pa kaduwa kamodzi. Mpunga wotsala ndinadya m'mawa mwake.

Kachiwala anabwera Lamlungu masana, nkundifotokozera kasitima kaja kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akuchita kuonetsa ndi supuni m'mwamba. Za benchi sananene, inenso sindinafunse. Ndinaona kuti wasiya kunena kuti amayi a pafoni. Ankati amayi a uko, ine amayi a kuno.

Anasamuka sukulu itatsekera, patatha milungu isanu. Tinakambirana bwinobwino ngati anthu akuluakulu, panalibe kukangana. Sukulu ya kumeneko ndi yabwino, chipinda ali nacho chake, ndipo mayi ndi mayi. Mng'ono wanga anandipempha kuti ndimulembere zonse zomwe ayenera kudziwa. Ndinagula kope, ndinkati ndilemba tsamba limodzi, ndinadzadza masamba khumi ndi anayi. Katundu wake anakwana masutikesi awiri ndi katoni ya mabuku. Tsiku lonyamuka analira pamasitepe, ine ndinamukalipira kuti akuchedwetsa anthu, ndipo ndinadikira kuti galimoto ipite kaye ndisanalire inenso.

Amabwera Lamlungu, milungu yambiri. Nthawi zina amaimba kuti kuli phwando la mnzake, kapena mayeso ayandikira, ndipo ndimamuuza kuti asadandaule, inenso ndili ndi zochita. Watalika, wayamba kuyankhula mawu ena omwe sindiwadziwa.

Mwini nyumba anandifunsa ngati ndingakonde kusamukira m'chipinda chimodzi chakumbuyo, poti tsopano ndili ndekha ndipo pali banja lina likufuna ziwirizi. Chipindacho ndinakachiona. Ndi chabwino, chili ndi mpopi wake, dzuwa limalowa m'mawa. Bedi lachiwiri silingakwanemo. Ndinamuuza kuti andipatse nthawi ndiganize, ndipo mwezi uno ndi wachitatu akundifunsa tikakumana pamasitepe.